Kiliniki yotchipa yothandiza osabereka ku Lusaka: zomwe tinapezako ife a ku Chipata

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Dzina lake sinditchula, popeza tikadapitabe komweko. Ndikulembera makamaka anzanga a kuno kum'mawa amene mwaona zotsatsa zawo pa Facebook n'kuyamba kale kuwerengetsera ndalama za chilimba.

Ine ndi amuna anga takhala pabanja zaka 6 opanda mwana. Ndili ndi zaka 33, ndimagulitsa salaula pamsika wa Kapata. Zaka zonsezi womwa mizu ndinali ine, wogona kumapemphero ndinali ine, woitanidwa ndi apongozi kukafunsidwa kuti "mwana wanga, kodi chavuta n'chiyani?" ndinalinso ine. Ndiye tsiku lomwe ndinaimba foni kukilinikiko, anesi atanena kuti "Amayi, musabwere nokha, mubwere ndi abambo, apo ayi faelo sititsegula," misozi inalengeza m'maso. Amuna anga anakana kwa milungu iwiri, kenako anavomera.

Pa nkhani yopima, ndalama yathu inagwira ntchito. Anayambira kwa abambo, chifukwa kupima umuna n'kotchipa ndipo sikupweteka. Anatiuziratu pafoni kuti tisakhalire pamodzi kwa masiku osachepera awiri, koma asapitirire 7. Zotsatira zinatuluka tsiku lomwelo: mbewu zinali zochepa, zambiri zoyenda mofooka. Adokotala sanathamange. Anatembenuza kompyuta kuti tonse tione, n'kuwafotokozera amuna anga mwaulemu kuti mphamvu za kuchipinda ndi kuchuluka kwa mbewu n'zosiyana, ndiponso kuti thupi limatenga pafupifupi miyezi itatu kupanga mbewu zatsopano, choncho kupima kamodzi sikugamula mlandu. Anatikumbutsanso zomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023, kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina m'moyo wake. Amuna anga anakhala chete njira yonse yobwerera, koma sanakwiye.

Ineyo anandipima magazi, anandipanga sikani, kenako HSG, kuja amathira mankhwala amadzi m'chiberekero n'kujambula kuti aone ngati machubu ali otseguka. Kumapweteka ngati msambo wovuta, kwa mphindi zochepa. Wondichenjeza kuti ndimwe mankhwala opha ululu ndisanalowe anali mayi wina pamzere, osati anesi, ndipo chimenechi sichinandisangalatse. Chubu cha kumanja chinapezeka chotseka, cha kumanzere chili bwino. Adokotala atamva kuti ndinakulira ku Chadiza, komwe tinkachapa ndi kusamba kumtsinje, anandifunsa ngati ndinakodzapo magazi ndili mwana. Ndinakodzapo, monganso anzanga ambiri, ndipo palibe ankaziona ngati matenda. Anati likodzo limatha kuwononga njira ya chiberekero ndi machubu omwe. Anatipatsa mankhwala a likodzo a praziquantel tonse awiri, n'kunena mosabisa kuti mankhwalawo amapha tizilombo koma satsegula chubu chomwe chinatsekeka kale. M'zipatala zonse zomwe ndinapitako kale, funso la kumtsinje palibe anandifunsapo.

Mavuto anayamba titafika pa chithandizo chenichenicho. Anatilangiza IUI, njira yotsuka umuna n'kuulowetsa m'chiberekero ndi kachubu kakang'ono pa nthawi yomwe dzira likutuluka. Mtengo wolembedwa pa Facebook ndi wa kulowetsa kokhako. Mapiritsi a letrozole othandiza dzira kukhwima, masikani, jakisoni wotulutsa dzira, kutsuka umuna, chilichonse chili ndi risiti yakeyake, ndipo timazidziwa chimodzichimodzi tili kale pawindo lolipirira. Pomaliza tinalipira kuposa kuwirikiza kawiri zomwe tinakonzekera. Nshawa zomwe tinasungira kugula malata zinathera momwemo. Ngakhale zili choncho, malo ena awiri omwe tinafunsako mitengo yawo inali pamwamba kwambiri, ndiye kutchipako si bodza ayi. Cholakwa chawo n'kusanena zonse poyambirira.

Koma chomwe wa ku Chipata ayenera kuganizira kwambiri ndi msewu. Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570: basi ya m'bandakucha, Katete, Petauke, Nyimba, mapiri aja a ku Luangwa, kukatsika pa siteshoni ya Intercity msana utauma. Tsono dzira silidikira basi. Mapiritsi umamwa masiku asanu kuyambira tsiku lachitatu la msambo, kenako cha pa tsiku la 10 amayamba kukuona pa sikani, mwina kawiri mwina katatu, mpaka kathumba ka dzira katakula kufika mamilimita 18 kapena kuposerapo. Akakubaya jakisoni, IUI imachitika pasanathe tsiku limodzi ndi theka, ndipo abambo ayenera kukhalapo m'mawa womwewo. Ulendo woyamba wa IUI ndinagona masiku 8 kwa alamu anga ku Mtendere mu Lusaka, benchi yanga ku Kapata ili yotseka. Sizinatheke. Msambo unabwera pa tsiku lake.

Ulendo wachiwiri tinagwirizana kuti masikani ndizipangira konkuno ku Chipata n'kumatumiza zithunzi pa WhatsApp. Nzeruyo inali yabwino, koma foni yawo ndi imodzi, yogwira anesi omwewo amene akulandiranso odwala. Ndinatumiza Lachisanu masana, yankho linabwera Lolemba. Dzira linali litatuluka kale. Mwezi unapita, mankhwala anapita. Anapepesa, n'kutichotsera mtengo wa sikani imodzi, koma ndinalira usiku wonse. Mukasankha njira imeneyi, pemphani nambala ya munthu amene adzayankhe Loweruka ndi Lamlungu, ndipo muiyese musanayambe kumwa mapiritsi.

Zina n'zazing'ono koma zimabaya. Chipinda choperekera umuna chayang'anizana ndi mabenchi odikirira, mwamuna amatuluka ndi kabotolo anthu onse akumuona. Madokotala amasinthana, moti pa maulendo asanu taonana ndi atatu, ndipo aliyense timamuyambira nkhani pachiyambi. Khoma ladzaza zithunzi za makanda, koma nditafunsa kuti mwa amayi khumi a msinkhu wanga ndi angati amene anabereka mwana wamoyo, anangoti ambiri. Khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA anatiuza kuti salandira.

Chomwe chatibwezabe kumeneko n'chakuti sanatinamizepo kuti mwana ali pafupi. Adokotala ena achikulire anati IUI imalephera kawirikawiri kuposa mmene imathekera, ndipo tikayesa katatu osaphula kanthu tisapitirize kutaya ndalama, tidzaganize za IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, yomwe iwo sachita. Wofuna ndalama zokha sakanatiikira malire otero.

Amuna anga anasiya fodya ndi mowa, ndipo atapimidwanso patatha miyezi itatu mbewu zinawonjezekako. Pepala la zotsatira anapita nalo okha kumudzi kukaonetsa amayi awo, ine osawatuma. Apongozi sanandiitanenso. Tidzayesa kachitatu tikagulitsa soya, ndipo ulendo uno ndapempha kuti mtengo wa zonse andilembere papepala limodzi ndisanakwere basi.