Maphunziro a relativity a pa intaneti: ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu

Amene mukuganiza zolembetsa maphunzirowa, musapusitsidwe ndi kufupika kwa mavidiyo. Kumapeto kwa vidiyo iliyonse kuli mafunso oti muwerengetsere nokha, ndipo nthawi yambiri imathera pamenepo. Ine ndinkaphunzira madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo zinanditengera miyezi ingapo, pomwe chilengezo chawo chimanena za masabata ochepa.

Gawo loyamba ndi la special relativity, chiphunzitso cha mmene kuyeza nthawi ndi mtunda kumasinthira malinga ndi liwiro, chimene Albert Einstein anafalitsa mu 1905 akugwira ntchito ku ofesi yolembetsa zopangapanga zatsopano ku Bern, m'dziko la Switzerland. Gawoli analikonza bwino zedi. Masamu ake ndi a kusekondale, aljebra ndi lamulo la Pythagoras basi. Mphunzitsi amayamba ndi mfundo yakuti liwiro la kuwala, mamita 299,792,458 pa sekondi, silisintha kaya woyezayo waima kapena akuyenda. Kenako amajambula wotchi yoyendera kuwala kodumphadumpha pakati pa magalasi awiri, n'kukusiyani muone nokha kuti wotchiyo ikamakudutsani, kuwalako kumayenda njira yopendekera, yotalikirapo, choncho wotchiyo imachedwa. Funso lina limati mupeze liwiro limene lingachititse wotchi kuwerenga theka la nthawi yanu. Yankho lake ndi pafupifupi 87 peresenti ya liwiro la kuwala, ndipo mukalipeza ndi pensulo yanu simuliiwalanso.

Chotopetsa pagawoli si masamu ayi, koma mutu umene umakana zimene pepala likunena. Pali phunziro lakuti zinthu ziwiri zimene munthu woima akuti zachitikira pamodzi, munthu woyenda akuti chimodzi chinayambirira, ndipo palibe amene akulakwa. Mumvetsa usiku, mukagona, m'mawa zabalalikanso. Mphunzitsiyo ndimamuyamikira chifukwa sathamanga pamenepa. Amabwereza mfundoyo ndi zojambula zosiyanasiyana mpaka italowa.

Nyenyezi imodzi ndachotsera gawo lachiwiri, la general relativity. Nkhani zake n'zokoma: kuti mphamvu yokoka ndi kupindika kwa malo ndi nthawi, kuti chiphunzitsochi chinafotokoza kusuntha kwa njira ya pulaneti ya Mercury kumene malamulo a Newton ankalephera kukwaniritsa, komanso za kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, pamene katswiri wa zakuthambo Arthur Eddington ali pachilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, anajambula nyenyezi kuti aone ngati kuwala kwake kukukhota podutsa pafupi ndi dzuwa. Koma masamu akangoyamba, ma tensor, zida za masamu zofotokozera kupindikako, amangotulukira mu vidiyo imodzi ngati kuti tonse tinawaphunzira kale. Komatu mwiniwake Einstein analimbana nazo kuyambira 1907 mpaka Novembala 1915, ndipo anachita kupempha mnzake Marcel Grossmann kuti amuthandize masamu a Riemann a malo opindika. Ndiye ife tiwameze usiku umodzi? Okonza maphunzirowa akanangonena poyera patsamba lolembetsera kuti gawoli likufuna munthu wodziwa kale masamu apamwamba a calculus ndi linear algebra. Ine ndinaima kaye n'kukaphunzira zimenezo padera, ndipo nthawi imeneyo inaposa imene ndinathera pagawo loyamba lonse.

Phunziro la GPS, njira yodziwira pamene muli pogwiritsa ntchito masetilaiti, ndilo linandibwezera mtima. Poyerekeza ndi a pansi pano, mawotchi a masetilaiti amathamanga ndi ma microsecond (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi) pafupifupi 45 patsiku chifukwa kumwambako mphamvu yokoka ndi yochepa, n'kuchedwa ndi pafupifupi 7 chifukwa cha liwiro lawo, kutsala 38. Amakuuzani muchulukitse nambalayi ndi liwiro la kuwala, ndipo mumapeza makilomita oposa 11, mtunda umene kuwala kumayenda m'kanthawi kameneko. Apa magawo awiri aja amakumana pa funso limodzi, ndipo funsolo limatheka ngakhale kwa amene ma tensor anamugonjetsa.

Dandaulo lina laling'ono: mayankho a mafunso amangopereka nambala yomaliza osaonetsa njira, ndiye mukaphonya simudziwa pamene mwasokonezera. Mawu olembedwa m'munsi mwa vidiyo nawonso amasokoneza zizindikiro za masamu kawirikawiri, bola kungowazimitsa.

Ngati cholinga chanu ndi kumvetsa chifukwa chake wotchi yoyenda imachedwa, lembetsani, gawo loyamba lokha likukwanirani. Ngati mukufuna kufika pa masamu a 1915, yambani mwaphunzira calculus kwina musanalipire.