Kachoyezera singano zolukira ndi nkhani ya manambala ake

Anzanga amene mumaluka ndi singano zosiyidwa ndi amayi kapena zotola pa kaunjika, kachoyezera singano musakasowe m'thumba mwanu. Kanga ndi kachitsulo kopyapyala, kotalika ngati chikhatho, kokhala ndi mabowo mumzere. Umalowetsa singano mpaka utapeza bowo limene yakwanamo osagwedera. Pabowo lililonse pali manambala atatu: mamilimita, nambala ya ku Britain ndi ya ku America. Ndinakagula m'sitolo ya ulusi pamtengo wosaposa mpukutu umodzi wa ulusi wabwino.

Singano zanga zakale za ku Britain, za mtundu wa Aero, zalembedwa 8, ndipo 8 ameneyu ndi 4mm. Koma patani ya ku America ikati 8, ikunena 5mm. Milimita imodzi imeneyi ndi yokwanira kuti juzi ya mwana ituluke yothina, manja ake aafupi.

Chisokonezochi chinachokera kwa opanga waya. Ku England singano zinkapangidwa kwambiri m'tauni ya Redditch, ndipo makulidwe ake ankatsata muyeso wa waya. Waya amaukoka kudzera m'mabowo ocheperachepera, choncho wokokedwa kambiri ndiye wowonda ndipo ndi umene unkapatsidwa nambala yaikulu. N'chifukwa chake 14 ya ku Britain ndi kasingano ka 2mm, pamene yonenepa ya 10mm amangoti 000, manambala atawathera. Muyeso wa Standard Wire Gauge unakhala lamulo kumeneko mu 1884. A ku America anayenda njira yosiyana: nambala ikamakwera singano imanenepa, kuyambira 0 yemwe ndi 2mm. Mizere iwiriyi imakumana pa 7 pokha, 4.5mm. Ndikayang'ana bowo limeneli ndimasangalala, chifukwa ndi pokhapo pamene timabuku takale ta mapatani a amayi timagwirizana ndi zimene ndimaona pa foni.

Chimene ndakakondera kwambiri n'chakuti manambala ake ndi ogoba m'chitsulo, osati openta. Kapulasitiki kamene mnzanga wa kutchalitchi ali nako kanafufutika kale, tsopano amachita kuwerenga mabowo kuchokera kumapeto.

Zodandaula zilipo ziwiri. Mabowo a 2mm ndi 2.25mm ayandikana kwambiri moti oluka masokosi a ana afunika kuwala kokwanira, ndipo aziyeza pakati pa singano, osati kunsonga. Chachiwiri, kalibe manambala a ku Japan, amene amayambira pa 2.1mm n'kumakwera ndi 0.3mm. Singano zansungwi zina zimabwera ndi manambala amenewa, ndipo zambiri sizikhazikika bwino m'bowo lililonse la kachitsuloka.

Kakuuzani kukula kwa singano basi, kulimba kwa dzanja lanu sikakudziwa. Ine dzanja langa limakoka ulusi kwambiri, ndiye ndisanayambe juzi ndimaluka kaye kachidutswa ka 10cm n'kuwerenga maluko. Kawirikawiri ndimapezeka ndatenga 4.5mm pamene patani yanena 4mm.