Lamba wa msana: amafunditsa, koma si mankhwala

Ndimacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo lamba wakuda uja wa msana ndinagula pamsika ku Mzuzu. M'mawa wa mu June, nkhungu itakuta mapaini, amafunditsa m'chiuno bwino ndithu. Ukamumanga zolimba amakukumbutsanso kupinda mawondo ponyamula thabwa laliwisi, osangowerama. Pamenepo ndiye ndimamuyamikira.

Koma zomatira zake zimadzaza utuchi n'kusiya kugwira, mpaka ndimachita kuzipala ndi msomali. Dzuwa likakwera, thukuta lake ngati wasamba. Chondinyansa kwambiri n'chakuti anyamata ena akangomuvala amadziona ngwazi, n'kumadzitwika okha chipika chofunika anthu awiri. Chonsecho bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, linanena kale mu 1994 kuti palibe umboni wokwanira woti malamba otere amateteza msana kuti usavulale.

Chandithandiza ine ndi kudziwongola tisanalize makina: manja m'chiuno, kupindikira kumbuyo pang'ono, kenako kuzunguza mapewa ndi zikhatho. Tinakwezanso benchi kuti tisamagwire ntchito chowerama.

Ngati mukumufunabe lambayu, sankhani womangira ndi chitsulo, osati wa zomatira.