Timasipuling'i ta Fender tolimbitsa mkono wa tremolo

Aliyense amene anaimbapo gitala yamagetsi ya Stratocaster akudziwa khalidwe la mkono wake wa tremolo, kachitsulo kamene woimba amatsindika kuti atsitse mawu a nsambo, wolowa mochita kupotokola ngati bawuti uja. Mukaumanga mpaka kumapeto umauma gwa pamalo osayenera, koma mukaubweza kamodzi kokha umayamba kulendewera ndi kugwedera ngati dzino lofuna kuguluka, moti pamene mukuufuna pakati pa nyimbo dzanja limangogwira mphepo. Vuto limeneli ndi limene linandichititsa kugula paketi ya timasipuling'i 12 timene kampani ya Fender imagulitsa.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Mumachotsa mkonowo, n'kuponya kasipuling'i kamodzi m'bowo limene mkonowo umalowa, kenako n'kubwezeretsa mkono pang'onopang'ono mpaka mutamva kuti wayamba kulimba. Kasipuling'iko kamakankhira mkono m'mwamba, ndipo mazinga ake amakanikizana ndi a m'bowo kotero kuti mpata umene unkachititsa kugwedera uja umatha. Pa gitala yanga, mkono tsopano umaima pomwe ndausiya, kaya pafupi ndi nsambo kapena cha kumbuyo, ndipo kaphokoso ka "gwede gwede" kamene kankamveka mu amplifier (chipangizo chokweza mawu) ndikangoukhudza kanatheratu. Chimene chandisangalatsa koposa n'chakuti ndikatsindika mkonowo pang'ono chabe, mawu amatsika nthawi yomweyo, popanda kuyamba wayenda kaye mwachabe.

Poyamba ndinadabwa kuti 12 onsewo ndi a chiyani pa gitala imodzi. Yankho ndinalipeza pasanathe mlungu, pamene ndinachotsa mkono kuti ndiike gitala m'chikwama chake, n'kuitembenuza mosaganiza; kasipuling'i kakuda, kofupika kuposa chikhadabo, kanagwa pansi ndipo sindinakaonenso. N'chifukwa chake magitala ena a American Stratocaster amabwera atamatidwa kapepala kozungulira pabowopo, kamene ambiri amakamatula osadziwa chomwe kakutchinga. Masiku ano ndimamata tepi pabowo nthawi iliyonse imene ndachotsa mkono.

Si gitala iliyonse imene ingapindule nato. Pa ina imene ndili nayo, bowo linabooledwa mpaka kutulukira kunsi kwa chitsulo chogwira nsambo, ndipo kasipuling'i kalibe pokhala; pamenepo ndimangokulunga mazinga ndi tepi yoyera ija imene okonza mapaipi amagwiritsa ntchito, ngakhale imaperepeseka msanga. Eni magitala okhala ndi tremolo ya mtundu wa Floyd Rose, amene mkono wake umalimbitsidwa ndi nati yakeyake, alibe chifukwa chotigulira.

Chenjezo langa ndi lokhudza mphamvu. Mukangomva kuti mkono walimba mokwanira, lekerani pomwepo, chifukwa kupitiriza kupotokola kumaphwanya kasipuling'iko, kumadya mazinga, ndipo nthawi zina mkono umathyokera m'bowo momwemo, ntchito yochotsa chidutswacho n'kukhala ya mmisiri.