Kanyumba ka njuchi tinapachika mu paki kaja

Abale kanyumbaka kandisangalatsa zedi. Nka njuchi zija zokhala pazokha, zosapanga uchi, ntchito yake kunyamula mungu basi ndipo siziluma chisawawa. Tinakapachika koyang'ana kum'mawa kuti dzuwa lizikawomba mamawa, timabowo take nta mamilimita 3 mpaka 10, ndiye tsiku lina ndinaona kanjuchi kakubwera ndi dothi kukamwa nkumamata bowo lomwe kaikiramo mazira, ndinangoima pompo kuyang'anitsitsa mpaka kanamaliza.

Chondidandaulitsa nsungwi zina zomwe anapangira timabowoto nzazifupi komanso sanazipale bwino, zitha kung'amba mapiko, denganso ndi laling'ono mvula ikuloweramo. Ndipo ngati paki yanu amangotchetcha kapinga osasiyako maluwa achilengedwe musathamangire kugula, njuchizo zidzadya chani?