Miyezi 14 tikuyendetsa kilani ngati ufumu, mmene zatiyendera

Amene munawerenga zomwe ndinalemba mu Novembala 2022 mukukumbuka kuti ndinkayamikira kwambiri dongosolo la maudindo lomwe tinali titangoliyamba mu kilani (gulu la osewera) yathu ya gemu ya pa foni ya Clash of Clans, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabweranso pakapita nthawi kudzanena ngati zagwira. Pano yakwana miyezi 14 ndiye ndabwera.

Kwa amene simunaone, nkhani yake ndi iyi. Gemuyi ndi ya Supercell, kampani ya ku Finland, inatuluka mu 2012, kilani imodzi imalowa anthu osapitirira 50 ndipo maudindo ake ndi anayi basi, Member, Elder, Co-leader ndi Leader. Ife tinkaona makilani akunja akutchulana ma King, ma Duke, ma Knight mpaka ma Peasant, kutengera zakale za ku Ulaya zija zoti mfumu imagawira malo akuluakulu ake, iwo nkumabweza potumiza asilikali nkhondo ikabuka. Ndiye tinati tibwerekerenji za eni pomwe kuno kuchigwa ufumu tinabadwira momwemo, mwana aliyense wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amadziwa kuti mlandu umayambira kwa nyakwawa, upite kwa gulupu, kenako kwa T/A, pamwamba pali a Mbuya Lundu. Leader tinamutcha Mbuya, ma Co-leader akhale ma T/A, ma Elder tinawagawa pawiri magulupu ndi manyakwawa, ma Member wamba ana a m'mudzi, wongolowa kumene ndiye obwera. Poti gemu simadziwa zonsezi, mndandanda tinkausunga pa gulu la WhatsApp.

Chomwe chagwira ntchito kuposa zonse ndi unyakwawa, ndipo ichi ndikunena mosakayika. Nyakwawa aliyense tinamupatsa anthu anayi kapena asanu kuti ndiwo mudzi wake. Ntchito yake kuwadonetera masoja mu Clan Castle (nyumba yosungira masoja opatsidwa ndi anzako), kuona ngati base yawo (malo omwe aliyense amamanga ndi kuteteza mu gemu) ili bwino tsiku lokonzekera nkhondo ndi kilani ina, ndi kuwakumbutsa kuti tsiku lomenyana ndi maola 24 okha ndipo aliyense ali ndi ma attack awiri. Kale zimenezi ankazisenza Leader yekha, kumangolemba pa chat kuti anthu menyani menyani, palibe womva. Koma munthu akadziwa kuti anayi awa ndi anga, amawasaka.

Ndikupatseni chitsanzo chomwe ndinachiona ndi maso. Tsiku lina ndili pa Nchalo mu barbershop ina momwe timatchajitsa mafoni pa sola magetsi akazima, kunja kukutentha koti foni ukaigwira ngati mbale ya phala, nkhondo yatsala ndi mphindi 40 tili kumbuyo ndi nyenyezi ziwiri (ndiwo mapointi a nkhondo). Mmodzi wa ife, mnyamata wodula nzimbe, sanamenye attack yake yachiwiri. Nyakwawa wake ndi achimwene ena a kabaza a ku Bangula, Town Hall yawo (nyumba yaikulu ya pa base yosonyeza levulo) yaing'ono kwambiri pa tonse, nthawi imeneyo anali pa 9 pomwe ena anali atafika 13 ndi 14. Sanalembe pa chat, anamuimbira foni. Kumva kuti bandulo yamuthera ndipo malipiro sanalandire, anamutumizira mayunitsi a ndalama yawo ya kabaza, namuuza base yoti amenye, namuikira masoja. Ine ndikuonera live, ometa anasiya makina nkudzasuzumira pa foni yanga, mnyamata uja anagwetsa Town Hall, 70, 85, mpaka 100 peresenti, nyenyezi zitatu. Pa WhatsApp anangolemba kuti "takhuta mfumu", kutanthauza zikomo. Achimwene amenewa amadzuka 4 koloko kudoneta asanatulutse njinga, season iliyonse dzina lawo limakhala pamwamba pa odoneta.

Tsopano zomwe tinalakwitsa, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe kilani inatsala pang'ono kutha.

U T/A tinkapereka poona kukula kwa Town Hall. Amene ali ndi base yaikulu, ma hero okwera, wogula ma gem (ndalama za mu gemu), ameneyo ndiye T/A. Tinkaganiza kuti ndi chilungamo poti ndi amene amamenya ma base apamwamba a adani. Koma Co-leader mu gemuyi ali ndi mphamvu zenizeni, atha kuyambitsa nkhondo, kusankha olowa, kukweza ndi kutsitsa ma Elder, kuchotsa anthu. Ndiye mphamvu zonsezo kumupatsa munthu chifukwa choti foni yake ndi yabwino ndipo bandulo simuthera, osaona mtima wake. Itatha Clan War League ina, ija ya mwezi ndi mwezi ya makilani 8 masiku 7, panabuka mkangano wa ma bonus medal, ena amati apite kwa amene apeza nyenyezi zambiri, ena amati nanga odoneta aja. T/A mmodzi anapsa mtima, usiku tonse tili mtulo anachotsa anthu asanu ndi mmodzi amene anamutsutsa. Kudzuka m'mawa mudzi wa nyakwawa wina wonse kulibe. Anayi tinawabweza titawapepesa mmodzimmodzi pa foni, awiri anakana mpaka lero ndipo sindiwaimba mlandu.

China chomwe chinandipweteka ine ndi kayankhulidwe. Panali mwana wa Fomu 3 yemwe anakwera msanga nkukhala gulupu, ndiye anayamba kuwauza bambo ena a zaka za m'ma 40, mlimi wa thonje wa ku Ngabu, kuti "iwe bwanji sunamenye". Iwe! Bambo aja sanayankhe, anangosiya kulowa. Titawafunsa anati ine gemu ndimaseweretsa kuchotsa kutopa, sindingamatukwanidwe ndi mwana wofanana ndi chisamba changa. Mwanayo sikuti ndi woipa, tinamuononga ndife pomuveka dzina lalikulu osamulangiza, pajatu ngakhale kumudzi wolowa ufumu amayamba walangizidwa kaye ndi akuluakulu. Kuyambira pamenepo lamulo ndi loti udindo wa mu gemu suchotsa "inu", kaya ndiwe Mbuya, wamkulu ndi wamkulu basi.

Dzina loti obwera tinalitaya mwezi wachitatu. Kuno mawu amenewa si osewera nawo, alipo ambiri amene anasamutsidwa ndi madzi nkukakhala pa malo a eni, ena makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndiye kumutcha munthu obwera ngakhale pa gemu zimamukumbutsa zina. Pano timangoti mlendo, sabata ziwiri zikatha ndi mwana wa m'mudzi.

Mayeso aakulu anabwera mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Tinali ndi lamulo loti ukaphonya nkhondo ziwiri motsatizana utsitsidwa, zitatu uchotsedwa. Madzi atasefukira anzathu a ku East Bank, makamaka cha ku Makhanga komwe kunkafikika pa boti pokha, anangoti zii, netiweki kulibe, potchajira kulibe, ena mafoni anapita ndi madzi pamodzi ndi katundu. Ma T/A awiri amene amakhala ku Blantyre ankati lamulo ndi lamulo, malo 50 ndi ochepa tilowetse ena. Mbuya wathu wa nthawi imeneyo anakana, anati sitichotsa munthu tisanamve ngati ali moyo. Tinasiya nkhondo zazikulu nkumamenya za anthu 10 okha, manyakwawa ntchito yawo inasanduka yofufuza anthu awo kudzera kwa abale ndi m'makampu. Onse anapezeka amoyo, tithokoze Mulungu. Mmodzi anabwerera patapita miyezi iwiri pa foni yobwereka, akaunti anaipeza chifukwa anali atailumikiza ku Supercell ID, ndipo apa ndikupempheni nonse amene simunalumikize chitani lero lomwe, kuno foni imatha kupita usiku umodzi. Atalowa anapeza dzina lake lilipobe pa mudzi wake ndipo anatumiza voice note akulira.

Lamulo lija tinalisintha. Pano ukadziwa kuti suoneka, kaya ndi shifiti ya usiku, maliro, kudimba kapena bandulo, umauza nyakwawa wako nkuika batani lako la nkhondo pa red, palibe mlandu. Mlandu ndi kusiya pa green nkusowa osanena. Nkhondo timayamba kuisaka usiku cha m'ma 8 kuti idzathenso madzulo anthu ataweruka komanso kutazizirako, chifukwa masana a mu Okutobala kuno mafoni athu ambiri amagwira moto nkumaima pakati pa attack.

Mmene zilili lero, ugulupu tinauthetsa, unalibe ntchito yake, linali dzina chabe lokanganitsa anthu. Ma T/A kuchoka pa asanu ndi awiri atsala atatu ndipo amasankhidwa ndi manyakwawa, munthu sachotsedwa popanda awiri kuvomereza ndi Mbuya kumva mbali yake. Mbuya woyamba uja anapeza ntchito ku Joni nthawi inamuchepera, anatula pansi udindo bwinobwino, mu gemu ukapereka u Leader kwa wina iwe umatsikira pa Co-leader. Tonse tinkafuna achimwene a kabaza aja koma anakana, anati mundisiyire anthu anga asanu omwewa. Ndiye tinapereka kwa amayi ena aphunzitsi a ku Ngabu omwe anakhala mwana wa m'mudzi chaka chonse osadandaula, ndipo ndi amene anawanyengerera bambo a thonje aja kuti abwerere.

Ngati muli ndi kilani ndipo mukufuna kutengera, unyakwawa tengani lero lomwe, zinazo yambani mwaona anthu anu. Ife tilipo 41, malo alipo. Chomwe chikutivutabe ndi Raid Weekend ya ku Clan Capital (nkhondo ya kumapeto kwa sabata ya pa base ya kilani yonse), Loweruka ambiri amakhala ku msika ndi ku mpira, Lamlungu kutchalitchi, ma attack amangotsala osamenyedwa, ndiye pa msonkhano wa Lachisanu likubwerali a Mbuya akufuna timvane ngati tiike munthu mmodzi woyang'anira zimenezo kapena tiwaonjezere manyakwawa omwewo.