Galimoto yokana kulira ikatentha: zomwe zagwira ndi zomwe zinabwerera patatha miyezi 9

Galimoto yomwe ikukambidwa pano ndi ya masilinda anayi, ya m'zaka za m'ma 1980, yoyendera K-Jetronic, njira yopoperera mafuta yomwe Bosch inayamba kuika m'magalimoto mu 1973. Vuto linali lodziwika bwino kwa aliyense wosunga galimoto zotere. M'mawa injini ikazizira inkalira kamodzi n'kamodzi. Mukaizimitsa n'kuiliza pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu, inkaliranso bwino. Koma ikaima mphindi 15 mpaka 40 itayenda ulendo, sitata inkangozungulira masekondi 10 kapena 20, kenako injini n'kulira motsokomola ngati yatsamwa. Patha miyezi 9 chikonzereni, ndipo tsopano zikuoneka bwino kuti ndi ziti zinachiza, ndi ziti zinangophimba bala.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Injini ikazimitsidwa, madzi amasiya kuzungulira ndipo mphepo siilowanso pansi pa boneti, choncho kwa kanthawi kutentha kumakwera m'malo motsika. Petulo ali ndi zigawo zina zopepuka zomwe zimayamba kuwira pa madigiri osafika 40. Chomwe chimamuletsa kusanduka nthunzi m'mapayipi ndi pulesha basi. Pulesha ikathawa, m'mapayipi opita ku mainjekita (tizida topopera mafuta mu injini) mumadzaza nthunzi, ndipo pampu iyenera kuyamba yaikankha yonse mafuta enieni asanafike. Mainjekita a K-Jetronic alibe waya, amatseguka okha pulesha ikafika pafupifupi 3.5 bar, ndiye nthunzi ikakhala m'njira amangopuma mpweya. Galimoto ikagona usiku wonse nthunzi ija imabwerera kukhala mafuta, komanso pamakhala injekita yachisanu yothandiza kuliza injini yozizira. N'chifukwa chake m'mawa vuto silioneka.

Chida chomwe chinabweza ndalama zake kuposa china chilichonse ndi geji ya pulesha yokhala ndi kampopi kotsekera. Imalumikizidwa pakati pa fuel distributor (chogawira mafuta ku mainjekita) ndi warm-up regulator (chosintha pulesha malinga ndi kutentha kwa injini). Kampopi kakatsekedwa mumawerenga pulesha ya dongosolo lonse, yomwe imakhala pafupifupi 5 bar. Kakatsegulidwa, injini itatentha, mumawerenga ya control, yomwe warm-up regulator imalamulira, pakati pa 3.4 ndi 3.8 bar m'galimoto zambiri. Ziwirizi zinali bwino, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokerera: amaona manambala abwino injini ikulira n'kuganiza kuti mbali ya mafuta ilibe mlandu. Muyeso wofunika ndi wa injini yozimitsidwa. Zimitsani itatentha, siyani kampopi kotsegula, yang'anani muvi pa mphindi 10 ndi pa mphindi 20. Malire amasiyana malinga ndi galimoto. Mwachitsanzo, Volkswagen zina zakale zimafuna 1.8 bar pa mphindi 10, pomwe zapambuyo pake zimafuna 2.6 pa mphindi 10 ndi 2.4 pa mphindi 20. Onani buku la galimoto yanu. Pa galimoto yomwe ikukambidwayi panalibe chokambirana, chifukwa muvi unkagona pa ziro mphindi ziwiri zisanathe.

Kupeza pothawira pulesha kumafuna kutseka njira imodzi imodzi. Bwerezani muyeso kampopi katatsekedwa. Pulesha ikagwira, vuto lili mbali ya warm-up regulator kapena kavalavu kobwezera mafuta ake. Ikathawabe, panani payipi ya labala yochokera ku thanki kupita ku pampu nthawi yomweyo mukuzimitsa injini. Ikagwira pamenepo, wolakwa ndi check valve, kavalavu kakang'ono ka pakamwa pa pampu koletsa mafuta kubwerera m'thanki. Accumulator, kachitini kosunga pulesha injini ikazima, muione padera: masulani kabawuti kapena kapayipi kakumbuyo kwake, mbali ya sipuling'i. Mbali imeneyo iyenera kukhala youma. Mukapezamo petulo, labala wamkati waboola. Pano zonse ziwiri zinali zitatha, check valve yosatsekanso ndi accumulator yochucha kumbuyo.

Zomwe zinasinthidwa tsiku loyamba ndi check valve, accumulator ndi sefa ya mafuta. Sefa siinali m'gulu la okayikiridwa, koma mafuta amachoka m'thanki, kulowa m'pampu, kudutsa mu accumulator, kenako m'sefa, ndiye dzimbiri ndi nyenyeswa za labala wong'ambika zonse zimathera mmenemo. Kusiya sefa yakale n'kudziikira msampha. Ili ndi muvi wosonyeza komwe mafuta alowere, ndipo n'zosavuta kuiika chozondoka mukugwira ntchito chagada pansi pa galimoto. Pomasula check valve gwirani pakamwa pa pampu ndi sipanala yachiwiri, apo ayi mudzathyola pampu yabwinobwino. Mazinga a tivalavu timeneti sakhala ofanana m'mapampu onse, choncho yakaleyo ikhale m'manja pofuna yatsopano. Chotsani waya wa negetivi pa batire, injini ikhale yozizira, kulungani nsanza polumikizira musanamasule, chozimira moto chikhale pafupi.

Miyezi itatu yoyamba zinali ngati galimoto ina. Muvi unkatsala pamwamba pa 2 bar patatha mphindi 20, ndipo injini yotentha inkalira mofanana ndi yozizira. Check valve ndi accumulator zatsopanozo mpaka lero sizinabwerere m'mbuyo. Pa funso loti accumulator yokha ikanakwana, yankho ndi ayi. Iyo imangosunga mafuta ochepa kwambiri, osadzaza ngakhale kapu yaing'ono, omwe sipuling'i imawakankha pang'onopang'ono kuti pulesha isagwe. Check valve ikakhala yotseguka, timafuta timeneto timabwerera m'thanki m'kanthawi kochepa. Ambiri amagula accumulator chifukwa ndiyo yotchuka pa nkhaniyi, n'kudabwa kuti palibe chasintha.

M'mwezi wachinayi vuto linabwerera, koma litavala malaya ena, ndipo apa m'pofunika kutchera khutu. Poyamba paja injini inkazungulira youma: popanda fungo, popanda utsi, kuponda moto kosathandiza kanthu. Ulendo uno inkalira msanga mukaponda moto mpaka pansi, n'kutulutsa utsi wakuda ku ekizozi, n'kugwedezeka masekondi angapo ngati silinda imodzi yagona, fungo la petulo lili guu. Kumeneko si kusowa mafuta, ndi kuchuluka kwa mafuta. Geji inasonyeza pulesha ikutsika pang'onopang'ono, osati kugwa ngati kale. Pulagi ya silinda yachitatu inatuluka yonyowa ndi yakuda pomwe zinzake zinali zouma.

Chinachitika n'chakuti kukonza koyamba kunavumbulutsa vuto lomwe linabisala. Kale pulesha inkathawira m'thanki injekita yotopa isanapeze mpata wodontha. Tsopano pulesha ikugwira kwa ola lathunthu, ndiye injekita ija inayamba kudonthezera petulo m'manifodi yotentha nthawi yonse galimoto ili chiimire. Kuyesa kwake: zulani mainjekita onse mapayipi ake ali chilumikizire, ikani iliyonse m'botolo lake, lizani pampu podumphitsa relay (siwichi yamagetsi yoyatsa pampuyo), mbale yoyezera mpweya musaikhudze. Kwa mphindi ziwiri pasagwe dontho. Kenako kwezani mbaleyo pang'ono. Injekita yabwino imalira kaphokoso kosongoka ndipo imafuka nkhungu yofanana mbali zonse, yotha imatulutsa kamtsinje kokhotera mbali imodzi. Yerekezani mafuta a m'mabotolomo, ndipo kusiyana kopitirira 10 peresenti kukukayikitseni. Pa zinayi, imodzi inkadontha, ina inkalavula chammbali. Zinasinthidwa zonse zinayi, pamodzi ndi timphete take ta labala tomwe tinali titauma gwa ngati pulasitiki. Timphete touma timalowetsa mpweya wosayezedwa, ndipo nato timavutitsa injini yotentha poima. Kusintha imodzi yokha n'kotheka, koma zinzake zili ndi zaka zomwezo. Oilo naye anasinthidwa, popeza petulo wodontha uja amatsikira m'sampu n'kumusungunula. Nunkhizani dipisitiki, mudzamva.

Cholakwa china chinali cha ntchito, osati cha galimoto. Mawashala awiri a kopa pa bawuti ya banjo (bawuti yoboola mkati momwe mumadutsa mafuta) ya pa sefa anabwezeredwa akale. Tsiku loyamba panali pouma. Patatha miyezi panapezeka kabwalo konyowa kogwira fumbi kuzungulira bawutiyo, kosadontha pansi, koma kokwanira kudya pulesha. Kopa akafinyidwa kamodzi amauma ndipo sakhalanso bwino. Washala aliyense womasulidwa alowedwe m'malo ndi watsopano, awiri pa banjo iliyonse. Chimodzimodzi payipi ya labala: mbali ya pulesha ikani yolembedwa kuti ndi ya fuel injection, monga ya SAE J30 R9, osati ya galimoto za kabuleta. Petulo wosakaniza ndi ethanol amadya labala wakale msanga ndiponso amafuka nthunzi mosavuta, ndiye galimoto yomwe inkangopirira imatha kuyamba kuvuta mafuta akasintha.

Chichokereni apo patha miyezi 5, kuphatikizapo nyengo yotentha kwambiri, ndipo muyeso wa mphindi 20 sunasunthe.

Pali zina zomwe zinayesedwa geji isanabwere, ndipo n'zoyenera kuzitchula chifukwa zimalangizidwa kawirikawiri. Kukulunga mapayipi ndi nsalu yotchinga kutentha kunachedwetsa vuto ndi mphindi zochepa, basi. Nsaluyo ilipobe, siipweteka kanthu, koma si mankhwala. Kutembenuza kiyi kangapo musanalize kumathandiza pokhapokha ngati relay ya galimoto yanu imayatsa pampu kiyi akangotembenuzidwa. Zambiri za K-Jetronic zimadikira kaye kuti injini izungulire. Ena amaika batani loti azipopera ndi injekita yachisanu injini ili yotentha. Zimagwira, ndipo opanga ena anaikadi relay yochita zofanana ndi zimenezo, koma pa galimoto yothawa pulesha mumakhala mukubisa kudontha komwe tsiku lina kudzakhala panja, pafupi ndi ekizozi. Choipa koposa ndi kulumikiza pampu molunjika ku kiyi. Pa ngozi injini ikazima, pampu imapitiriza kupopa petulo. Musayerekeze. Ndipo kasukuluu ka CO (kosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya) ka pakati pa mbale ndi distributor musakagwire pofuna kuchiza vutoli, chifukwa mudzasokoneza injini yomwe ikuyenda bwino, pulesha n'kumathawabe.

Injekita yachisanu nayo muione ngati injini ikumira m'mafuta ikatentha. Imalamulidwa ndi thermo-time switch, yomwe m'galimoto zambiri imasiya kuitsegula madzi akapitirira pafupifupi madigiri 35. Zulani waya wa injekitayo injini itatentha. Ikalira bwino, switch ndiyo yafa. Koma ikakhala yodontha yokha, kuzula waya sikusintha kanthu, muyenera kuimasula n'kuiyang'ana pampu ikulira.

Kwa omwe galimoto zawo zili ndi mainjekita amagetsi, monga L-Jetronic ndi Motronic, nzeru yake ndi yomweyi koma manambala ndi ena. Pulesha imakhala 2.5 kapena 3 bar, accumulator nthawi zambiri kulibe, ndipo othawitsa pulesha ndi atatu: check valve, regulator ya kumapeto kwa fuel rail (payipi yogawira mafuta ku mainjekita), ndi injekita. Panani payipi yobwerera ku thanki. Pulesha ikagwira, ndi regulator. Zulaninso kapayipi kake ka vacuum. Mukapezamo petulo, labala wake waboola ndipo injini ikumwa mafuta kudzera mmenemo. Sensa ya kutentha kwa madzi muipime ndi mita: ya Bosch yofala imawerenga pafupifupi 2,500 ohms pa madigiri 20 ndi pafupifupi 300 pa madigiri 80. Ikawerenga zikwi injini ili yotentha, kapena mawaya ake akachita dzimbiri, kompyuta imaganiza kuti kukuzizira n'kuthira mafuta ambiri.

Nanga geji ikagwira bwino koma galimoto n'kumakanabe? Pamenepo siyani za mafuta, fufuzani moto. Koilo, ignition module ndi sensa ya crank zimatha kufa zikatentha n'kudzuka zikazizira, ndipo relay ya pampu yokhala ndi mtovu wosweka mkati imachita chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti izi zimakana kotheratu mpaka zizizire, pomwe vuto la nthunzi limagonja mukazungulitsa sitata nthawi yaitali. Yesani moto wa pa pulagi nthawi yomweyo galimoto ikukana, osati itazizira, ndipo mverani ngati pampu ikung'ung'uza pomwe wina akutembenuza kiyi.